Mapiritsi a Atelala

"Bweza! Ndati bweza mankhwala a amuna anga m'jumbomo momwe unawapezera!"

Apongozi aakazi anaima pakhomo lolowera pabalaza, manja ali m'chiuno, mpango utapendekera kukhutu. Patebulo panali mapiritsi mbwee: oyera, achikasu, apinki, ena m'timapepala tonyezimira, ena m'timabotolo topanda zolemba. Katatu anali atawagawa milu iwiri, waung'ono ndi waukulu, ndipo dzanja lake linali lidakali pamulu waukuluwo.

Dzina la Katatu analitola pawindo la famase kuchipatala chachikulu, pomwe tsiku lonse ankangoti, "Awiri, katatu pa tsiku." Odwala ndiwo anayamba kumutchula choncho, abale anatolera, mpaka mwamuna wake yemwe anazolowera. Koma tsopano pawindopo anali atachokapo. Anasankhidwa kuchita maphunziro apamwamba a ukatswiri wa mankhwala, aja oyenda m'mawodi limodzi ndi madokotala n'kumaunika zimene wodwala aliyense akumwa.

"Mayi, tamverani kaye," anatero Katatu modekha. "Oyerawa ndi achikasuwa ndi mankhwala amodzi, a kuthamanga kwa magazi. Anangosiyana kopangidwira. Bambo akumwa chinthu chimodzi kawiri, n'chifukwa chake akumachita chizungulire akadzuka."

"Choyera ndi chachikasu chikhale chimodzi? Ndiye kuti mkaka ndi mafuta ophikira n'chimodzimodzinso? Sukulu yakoyo ikukuphunzitsa kuona ndi maso ati?"

Mlamu wa Katatu, mng'ono wa mwamuna wake, anaphulika kuseka atatsamira khoma. Iyeyu anali ndi golosale m'mbali mwa msewu, ndipo pashelefu yam'mwamba, kuseri kwa sopo, ankasungapo mapiritsi ogulitsa limodzilimodzi ngati maswiti.

"Zinazo mukanganirane nokha," anatero mlamuyo, "koma apinkiwo musawanyoze, alamu. Anthu amachita kundigogodera ndisanatsegule. Munthu amabwera akukwawa, amabwerera akuthamanga."

"Apinkiwo ndiye oopsa kuposa onse. Bambo akumwa mankhwala osungunula magazi chifukwa cha mwendo uja unatupa. Mukaphatikiza ndi apinkiwa, m'mimba mumachita zilonda, ndipo magazi akayamba kutuluka sasiya msanga."

"Ndiye maondo awo azingowawa?" anafunsa apongozi aakazi.

"Ndawasiyira panado."

"Panado! Mwamuna wapalasa makina osokera moyo wake wonse, maondo mpaka kutha, umupatse panado ngati mwana wachimfine? Uli pawindo paja unali munthu iwe. Wina akangotsokomola m'nyumba muno, madzulo mankhwala afika. Lero wapita kusukulu yaikulu, tikuti tsopano tiona mankhwala akuluakulu, iwe wabwera kudzachotsa ndi omwe analipo. Anzako akaphunzira amaonjezera, iwe ukuchotsera!"

Mwamuna wa Katatu analowa akupukuta manja ndi kansanza kakuda. Anali makaniko, ndipo galaja yake inali kuseri kwa nyumba yomweyo. Anayang'ana mayi ake, anayang'ana patebulo, kenaka anapumira m'mwamba.

"Iwe Katatu, wayambanso? Chiyambire kosi yakoyi m'nyumba muno mulibe mtendere. Umachoka kusanache, ukabwera mutu uli m'mabuku, ukadzutsa mutuwo ndiye kuyamba kuphunzitsa akuluakulu kumeza mapiritsi."

"Inu, ndikungofuna kuti bambo asavulale."

"Avulazidwe ndi ndani? Ndi mayi?"

Nthawi yonseyi Atelala, apongozi aamuna a Katatu, eni ake a mapiritsiwo, anali chete pampando wawo pafupi ndi makina akale osokera, mwendo atausanjika pakampando. Anali munthu wa mawu ochepa. Tsiku limene Katatu anasankhidwa kukaphunzira, m'nyumba monse ndi iwo okha amene anamugwira chanza, ndipo anamupindira okha manja a gauni yake yoyera chifukwa anali aatali.

"Msiyeni mwanayu," anatero Atelala. "Wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndasoka zovala mpaka maso kuchita mdima, ndipo sindinaonepo msoko wolimba chifukwa chochulutsa ulusi. Mwana wanga, kuyambira lero uzindipatsa ndiwe. Zomwe ukuti ndimwe, ndimwa."

Apongozi aakazi anaomba m'manja kamodzi, phwa!

"Chabwino! Mwamva nonse. Mankhwala a bambo anu ali m'manja mwa adokotalawa. Ine ndine mbuli, ndakhala nawo zaka zonsezi ndikuwapha. Ndasamba m'manja."

Katatu anasesera mulu waukulu uja m'jumbo, ndipo m'mawa mwake anapita nawo kuchipatala n'kukauponya m'bokosi la mankhwala okawotcha.

Mphunzitsi wawo m'mawodi anali mayi wamfupi wa imvi, amene ophunzira ankamutchula mobisa kuti a Chifukwaninji. Ukanena dzina la mankhwala, funso linali lomwelo. Ukanena mlingo, lomwelo. Ophunzira ankawaopa kuposa mayeso, koma Katatu ankawakonda, ndipo iwonso ankaoneka kuti akumuwerengera.

Tsiku lina ataima pabedi la mayi wina wodwala impso, a Chifukwaninji anatembenukira gulu lonse.

"Zolemba za dokotala zimakuuzani zimene wodwala anauzidwa kuti amwe. Sizikuuzani zimene amamwa. Wodwala aliyense ali ndi jumbo yake kunyumba: za kuchipatala, za kugolosale, za mnzake wa kutchalitchi amene anachira nazo. Funsani amene amamupatsa mankhwalawo, ndipo mufunse kawiri. Chinanso, ndipo ichi sindidzabwereza: m'bale wanu si wodwala wanu. Mukaona cholakwika kunyumba, mubweretseni kuno amuone dokotala wake. Amene adzasewere udokotala pabalaza pake asadzapondenso m'wodi yanga."

 Madzulo omwewo Katatu anapempha kuti Atelala apite kuchipatala akaonedwe.

"Tsiku lawo lokaonana ndi dokotala silinakwane," anayankha apongozi aakazi osatembenuka n'komwe. "Kapena mwayamba kukayika ntchito yanu, adokotala?"

Mwamuna wake anati ali ndi galimoto ya munthu yofunika kutuluka msanga. Atelala anati mzere wa kuchipatala umawatopetsa. Katatu anaganiza kuti adikire tsikulo, poti zoopsa anali atazichotsa kale.

Sabata yoyamba zinthu zinayenda bwino. Chizungulire chinatha, koma maondo ankawawa, ndipo Atelala ankabuula akamadzuka pampando. Sabata yachiwiri kubuula kunasiya. Katatu anawapeza m'mawa wina akuyenda pakhonde opanda ndodo, akuimba kanyimbo chapansipansi. Anasangalala kaye, kenaka anayamba kukayika. Atakhala pansi kumwa tiyi, anaona buledi amene Atelala analuma ali ndi chizindikiro chofiira. Pamkono pawo panali mikwingwirima yakuda ngati munthu womenyedwa.

Anadikira mpaka apongozi aakazi atapita kukasamba.

"Bambo, mukumwanso chiyani kupatula zimene ndimakupatsani?"

Atelala anayang'ana makina awo osokera.

"Bambo, ndikufunsa ngati mwana wanu."

"Amayi ako amandiphwanyira m'tiyi," ananena motsitsa mawu. "Amaganiza kuti sindidziwa, koma tiyi wake amawawa kukhosi."

"Apinki aja?"

"Mlamu wako amabwera nawo m'thumba."

"Ndiye mukumweranji mukudziwa?"

"Ndikane bwanji, mwana wanga? Ndikabuula, amayi ako amalira. Akandipatsa tiyiyo n'kuona ndikuyenda, nkhope yawo imawala ngati mtsikana. Munthu amene wakhala nawe moyo wonse sungamuuze kuti chikondi chake ndi poizoni."

"Chimbudzi chanu chikuoneka bwanji?"

"Aa! Funso limenelo mpongozi safunsa."

"Ndikufunsa ine wa kuchipatala. Chikuda?"

 "Ngati phula la mumsewu."

Katatu anathamangira kugalaja. Mwamuna wake anali atagona chagada pansi pa galimoto, miyendo yokha ikuoneka.

"Inu, tulukani. Bambo akutaya magazi m'mimba. Tiyenera kupita nawo kuchipatala lero lomwe."

"Bambo ake ati? Omwe akuimba pakhondewo?"

"Mayi akuwathirira mapiritsi a mlamu m'tiyi."

Mwamunayo anatuluka pang'onopang'ono, sipanala ili m'manja.

"Tabwereza. Ukuti mayi anga akuthira chiyani m'tiyi wa bambo anga? Ukudziwa dzina la munthu wochita zimenezo?"

"Sindikuti akuchita dala. Sakudziwa."

"Odziwa ndiwe wekha m'dziko muno. Tamvera, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Amenewo ndi mayi anga, winayo ndi mng'ono wanga. Ukufuna ndimenye uti? Vuto lonseli walibweretsa ndiwe. Siya kosiyo, ubwerere pawindo pako, uziwabweretsera mankhwala amphamvu a kuchipatala, mayi sadzafunanso za kugolosale. Nkhani yatha."

"Kosi sindisiya."

"Ndiye usandisokose."

Anabwerera pansi pa galimoto.

Apongozi aakazi atamva zimene Katatu ananena za tiyiyo, nyumba inachita ngati yagwidwa moto. Analira mokweza kuti anthu oyandikana nawo amve. Anati mkazi wobwera wawatchula mfiti, anati analera ana awo onse popanda digiri, anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kenaka analowetsa Atelala kuchipinda n'kukhoma chitseko. Kuyambira tsikulo Katatu ankasiya mapiritsi am'mawa ndi amadzulo pambale pakhomo la chipindacho ngati munthu wodyetsa mkaidi. Anachotsamo osungunula magazi aja, poopa kuti magazi angapitirire kutuluka. Kangapo anaima pakhomo la ofesi ya a Chifukwaninji, dzanja litakwezedwa kuti agogode, koma akakumbukira mawu aja a m'wodi ankabwerera. Ankadziuza kuti tsiku la Atelala lokaonana ndi dokotala layandikira.

Tsikulo silinafike.

Unali m'mawa wa Lachinayi, gulu la ophunzira likuzungulira m'wodi ya amuna. Namwino anawauza kuti pabedi lakumapeto pabwera wodwala watsopano, nkhalamba yosanza magazi. Katatu anaona kaye mpango wa apongozi ake, kenaka ovolosi ya mwamuna wake, kenaka mlamu wake ataima kumutu kwa bedi manja ali m'thumba. Atelala anagona nkhope itayera ngati phulusa, diripi kudzanja lina, thumba la magazi kudzanja linalo. Pansi pa bedi panali beseni lovundikira ndi nsalu.

 Katatu anayandikira a Chifukwaninji n'kunong'ona.

"Mayi, awa ndi apongozi anga."

"Ndiye imani kumbuyo. Mnzanu afunse."

Wophunzira wina, mnyamata wamtali wamagalasi, anagwada pafupi ndi apongozi aakazi.

"Pepani ndi matendawa, mayi. Kunyumba mankhwala amawapatsa ndani bambowa?"

Apongozi aakazi sanachedwe. Anatambasula dzanja, chala chikuloza pakati pa magauni oyera.

"Uyo. Mnzanuyo. Anatilanda jumbo yonse, ena anataya, ena anasiya, akuti ndi zomwe mukumuphunzitsa kuno. Amuna anga anali bwinobwino. Taonani lero."

 Ophunzira onse anatembenuka.

"Si choncho," anatero Katatu. "Ndinachotsa obwereza ndi opha ululu apinki aja. Koma iwo anapitiriza kuwathirira m'tiyi. Amachokera kugolosale kwa alamu angawa."

"Ine?" Mlamu anatulutsa manja m'thumba n'kuwatambasula. "Ine ndimagulitsa sopo ndi shuga, adokotala. Mapiritsi ndingawadziwire kuti? Sukulu yake iti?"

A Chifukwaninji anayang'ana mwamuna wa Katatu. "Inu ndinu mwana wawo?"

"Eya."

"Mukudziwapo chiyani?"

Mwamunayo anayang'ana nsapato zake zamafuta. "Ine ndimadziwa za magalimoto. Za mankhwala odziwa ndi akazi angawa. Ndi amene amapereka."

Katatu anamuyang'ana, koma iye sanadzutse mutu. Chiyembekezo chake chinatsalira pa munthu mmodzi yekha, Atelala.

A Chifukwaninji anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi wodwalayo. Mawu awo, amene ankanjenjemeretsa ophunzira, anafewa.

"Bambo, thupi ndi lanu. Tiuzeni inuyo. Kupatula zimene amakupatsani mpongozi wanuyu, pali china chimene mumamwa? Cha maondo, cha mutu, chilichonse? Musaope. Kugulitsa mankhwala popanda chilolezo ndi mlandu, inde, koma ife pano tikufuna moyo wanu."

Atamva mawu akuti mlandu, mlamu anabwezera manja m'thumba. Atelala anamuyang'ana mwana wawoyo nthawi yaitali. Anayang'ana akazi awo, amene anali atagwira chitsulo cha bedi ndi manja onse awiri. Koma maso awo sanafike pa Katatu.

"Palibe," anatero Atelala. "Ndimamwa zokhazo zimene amandipatsa mwanayu."

"Ndikufunsaninso. Palibe?"

"Palibe."

A Chifukwaninji anaimirira. Anauza dokotala wa m'wodimo kuti wodwalayo athandizidwe ngati munthu amene wamwa apinkiwo, chifukwa m'mimba simunama. Katatu anapuma pang'ono. Koma mayiwo anatembenukira kwa iye, ndipo nkhope yawo inali itauma.

"Munasintha mankhwala a wodwalayu kunyumba dokotala wake osadziwa?"

"Ndinangochotsa amene..."

"Inde kapena ayi?"

"Inde."

"Osungunula magazi akumwabe?"

"Ndinawaimitsa."

"Nokha?"

"Ndekha."

"Zizindikiro za kutaya magazi munaziona liti?"

"Sabata yatha."

"Sabata yatha. Tsiku lililonse mumadutsa pakhomo la ofesi yanga. Chifukwa ninji simunagogode?"

Pafunso limeneli Katatu ankakhala woyamba kuyankha m'gulu lonse. Lero anangoyang'ana mabatani a gauni yake.

"Amene akunama pano ndikumuganizira," anapitiriza a Chifukwaninji, "koma zimene mwavomera ndi pakamwa panu zakwana. Banja ladandaula pamaso pa anthu, ndipo nkhaniyi ipita ku komiti. M'wodi yanga simuphunziranso. Vulani gauniyo."

Katatu anamasula mabatani limodzilimodzi.  Mnzake wina wamkazi anamulandira gauniyo osamuyang'ana kumaso, ndipo gulu linasunthira pabedi lotsatira. Posakhalitsa anamva mawu a a Chifukwaninji akufunsa za wodwala wina ngati palibe chachitika.

Mlamu anatuluka panja kukaimba foni yoti mnyamata wa m'golosale achotse zina ndi zina pashelefu. Mwamuna wa Katatu anamutsatira, koma podutsa ananong'ona.

"Ndinakuuza ine. Ukanamva, bwenzi zonsezi kulibe."

Katatu anayandikira bedi n'kugwada pansi. Atelala anatsegula maso pang'ono.

"Bambo, mwandipheranji?"

"Usatero, mwana wanga." Mawu awo anali ngati mphepo yodutsa pazenera. "Iwe uli ndi sukulu m'mutu, palibe angakulande. Upeza pena. Koma mlamu wakoyo akamutsekera golosale n'kumumanga, adzagwira chiyani? Ndipo amayi ako anthu adzawatchula chiyani? Chibale ndi fupa, sichiola."

"Nanga ine ndine ndani, bambo?"

Atelala anatseka maso.

Amene anayankha ndi apongozi aakazi. Anakankha beseni lija ndi phazi mpaka linagunda bondo la Katatu.

"Iwe ndiwe mkazi wa mwana wanga. Poti ntchito yakuthera, tenga ilo ukatsuke. Ubwere nalo msanga, angafunenso kusanza."

Katatu ananyamula beseni. Linali lolemera, ndipo nsalu yovundikira inali itanyowa pakati. Njira yopita kotsukira inali imodzi yokha, yodutsa pakati pa mabedi pomwe anzake anaima ndi mabuku awo. Atayandikira, namwino wina amene anali atangoyamba kumene ntchito m'wodimo anakweza mawu.

"Tapatukani pang'ono, adokotala, wodikirira odwala adutse."

Magauni oyera anapatuka, ndipo Katatu anadutsa.